Khomo la Ankhoswe

Musandifunse zaka, ndikunamizani. Matawuni amene ndakhalamo anasakanikirana m'mutu mwangamu ngati nyemba za m'thumba limodzi. Lililonse linali ndi depoti, chipinda cha lendi cha zenera limodzi, ndi tebulo logwedera pomwe ndinkaikapo laputopu yanga. Chimene sichinasakanikire ndi ichi: akulu anga, a Enelesi, ankathawa amuna awo, a Dzimbiri, ndipo nthawi iliyonse akathawa, bamboyo ankawapeza. Zina zonse zimene ndikambe pano zikuzungulira pamenepo.

Tawuni yoyamba inali ya fumbi. Pakati pake panadutsa njanji, koma sitima sindinaione ngakhale tsiku limodzi, mbuzi zokhazokha. Kumeneko ndinaphunzira kupanga mawebusayiti kwa Mayi Nanthambwe, mayi wamfupi wa mawu ngati a kondakitala, amene ankataipa ndi dzanja limodzi, linalo likusenda mtedza. Kuyamikira munthu sankakudziwa. Ukachita bwino ankangoti, "Ehe," basi, tsiku lako lakoma.

Tsiku lina ndinapanga tsamba la golosale ina. Ndinaikapo kabokosi koti makasitomala azilembamo maganizo awo, ndipo zimene alembazo zizioneka pansi pake kuti ena awerenge. Linali lokongola, abale, ine ndemwe ndinadziombera m'manja. Mayi Nanthambwe anakoka mpando, nalemba m'kabokosi muja mzere umodzi wokhala ndi tizizindikiro takuthwa, nadina. Pompo tsamba langa, limene ndinalilera ndekha, linatulutsa kawindo kolembedwa kuti: "Odi muno! Mwini wake ali kuti?"

"Mayi, mwalitani tsamba langa?" ndinafunsa.

"Ine? Palibe. Ndalemba momwe unati anthu azilembamo," anatero akutafuna mtedza. "Iweyo ndiye waliuza kuti chilichonse cholowa m'bokosimo lichitenge, lichisakanize ndi mawu ako. Bulawuza imene munthu amatsegulira tsambali siidziwa kuti awa ndi mawu a mwini, awa ndi a mlendo. Ikaona lamulo imangomvera."

Ndinati komatu ka "odi" kokhako sikaopsa. Anandiyang'ana ngati ndadya ndi dzanja lamanzere pamaliro.

"Pamene ine ndalemba odi, wina adzalemba kuti: werenga zonse zili patsambali, unditumizire kwathu. Kapena kuti: tenga kachiphaso ka munthu amene walowa ndi pasiwediyu, undipatse, ndilowe ngati ndine iyeyo. Ndiye lamulolo limagona m'bokosimo phee, kudikira aliyense amene atsegule. Anthu a ntchito yathuyi amati ekisi-esi-esi. Dzinalo uliiwale ukafuna, koma tandiuza. Unamuwerengerapo kalata munthu wosadziwa kuwerenga?"

"Eya, kangapo."

"Kalatayo ikati dzuka ukatsegule khola, iwe umadzuka kukatsegula khola?"

"Ayi, ndimangowerenga."

"Basi. Tsamba lako uliphunzitse kuwerenga, lisamamvere."

Anandionetsa machitidwe ake. Pa nthawi yoonetsa mawu a mlendo, tizizindikiro tija timene timapanga lamulo umatisandutsa zilembo wamba, toti munthu atione ndi maso koma bulawuza isatimve. Iwo ankati kumeneko ndi kuzula mano. "Mawu a mlendo aliyense uziwazula mano asanaonekere. Aliyense, ukundimva? Kaya ndi mwana, kaya ndi bishopu." Ndinati ndamva. Ndinamvadi, koma ndi khutu.

Madzulo a tsiku lomwelo a Enelesi anaimba foni. Mawu awo anali otupa. Anati ali kwa a malume, a Kalimbira, amene anatilera amayi atamwalira, amenenso anali nkhoswe wa banja lawo. Sabata isanathe, ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pansi pa mtengo wa mango, a Dzimbiri anagwada nalira, a malume anati banja ndi kupirira. A Enelesi anamanga chitenje chawo nabwerera.

Ndinakwera basi ina, kapena basiyo ndiyo inandikwera, kaya. Ndinatsikira m'tawuni ya m'phiri momwe chifunga chinkalowa mpaka m'kalasi. Sukulu ina ya sekondale yogonera konko inandilemba ntchito yopanga tsamba la zidziwitso, pomwe makolo ankawerenga za ana awo n'kulembapo mafunso.

Kumeneko ndinayamba kudzimva. Ndinati kuzula mano paliponse pamene mawu akuonekera n'kotopetsa, bwanji ndingolemba mndandanda wa mawu oopsa, makina aziwakana pakhomo? Ndinalemba mawu makumi awiri, n'kupita kukamwa tiyi. Ulesi ukafuna kukugwira subwera ndi dzina lake, umadzitcha nzeru.

Amene anachita sindinamudziwe mpaka lero. Sanagwiritse ntchito liwu ngakhale limodzi la pamndandanda wanga. Analemba kuti: onetsa chithunzi ichi, ndipo chikakanika kuoneka, uchite zakutizakuti. Chithunzicho kunalibe, ndiye chinakanikadi, ndipo bulawuza ya kholo lililonse inachita zakutizakutizo. Aliyense wotsegula tsamba la sukulu ankaona chidziwitso chachikulu chofiira chonena kuti pasukulupo pagwa matenda otsekula m'mimba, mudzatenge ana anu lero. Pofika masana, bwalo la mpira linali litadzaza maminibasi, njinga zamoto, ngakhale ngolo imodzi. Amayi ena ankalira asanatsike n'komwe.

A hedi anandiitanira mu ofesi. Anali bambo wodekha, ndipo kudekhako n'kumene kunandiwawa.

"Mwana wanga, munalemba ndinu zimenezi?"

"Ayi, bwana."

"Nanga zalembedwa patsamba la ndani?"

"Langa, bwana."

"Ndiye makolowa ndiwauze kuti chiyani? Iwo aona dzina la sukulu pamwamba, aona mawu pansi. Kwa iwo yalankhula ndi sukulu."

Ndinalongedza tsiku lomwelo. M'basi ndinamvetsa zimene ndinazimva kale ndi khutu: mndandanda wa mbava sutha, chifukwa mbava ikaona kuti mwaidziwa malaya imavala ena. Ndili m'njira momwemo foni inalira. A Enelesi anali atathawira kwa mnzawo wa kusukulu, kutali kuboma lina. Anakhalako masiku asanu ndi anayi. A Dzimbiri anawaona chakumbuyo m'chithunzi cha ukwati wa anthu ena chimene munthu wina anachiika pa intaneti, akutunga madzi, nkhope theka. Pamene ankaimba, a Enelesi anali kuchipatala, mkono uli m'chikhakha, ndipo a malume anali kale panjira kudzakambirana.

Tawuni yachitatu inali ya m'malire. Malole aataliatali ankaima pamzere masiku, madalaivala akuchapa zovala pansi pa matayala. Ndinapeza ntchito mu ofesi ina yolembetsa katundu. Tsiku lina pamsika ndinaona mayi wamfupi atakhala pabenchi akusenda mtedza ndi dzanja limodzi. Kaya anali Mayi Nanthambwe, kaya m'bale wawo, kaya ine ndinali nditatopa, koma mawu anali omwewo.

"Ndamva za kusukulu kuja," anatero ndisanapereke n'komwe moni.

"Ndalapa, mayi. Tsopano ndimazula paliponse."

"Tsiku lina udzaiwala dzino limodzi. Aliyense amaiwala. Khala pansi."

Pabenchi pomwepo anandiphunzitsa za mpanda wachiwiri, poti woyamba ndi kuzula mano kuja. Pamwamba pa tsamba lililonse, posaoneka ndi maso, umaika kauthenga kouza bulawuza kuti: malamulo umvere ochokera kunyumba kuno okha, ndipo usatumize kanthu ku adiresi yachilendo, ngakhale wina akuuze. Anandionetsanso kakhomedwe ka kachiphaso kaja, kuti lamulo la mlendo likalowa lisathe kukagwira. "Mpanda wachiwiri sulowa m'malo mwa woyamba," anatero. "Uli pamenepo chifukwa ndiwe munthu." Nditatembenuka kuti ndigule madzi, pabenchi panatsala makoko a mtedza okha.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inayera. Ndinadutsa matawuni ena amene sindiwakumbuka bwino, lina la zigayo zambiri, lina limene mvula inkagwa mbali imodzi ya msewu. Ndinkati ndikafika, ndipanga tsamba, ndizula mano, ndimanga mpanda, n'kupita. Anthu anayamba kutumizirana dzina langa. A Enelesi anathawa kachitatu, napezedwa kachitatu. Ulendo umenewo sanaimbe n'komwe, ndinangomva kwa anthu.

Kenako ndinafika m'tawuni ya mitengo ya jakaranda, momwe misewu inali yofiirira ndi maluwa akugwa. Kumeneko kunali bungwe lina la amayi, lopanda chikwangwani pakhomo. Linali ndi nyumba zingapo zobisika m'maboma osiyanasiyana, momwe ankasungiramo amayi othawa nkhanza. Mkulu wake anali Mayi Nachisale, mayi wamtali wosaseka pachabe, amene anali atagwira ntchitoyi mpaka imvi. Ankafuna makina osunga kuti uje ali m'nyumba yakuti, ooneka kwa anthu atatu okha a mu ofesi. Ankafunanso khomo lolandirira makalata ochokera kunja, kwa abale, kuchipatala, kwa ankhoswe. Wa mu ofesi akatsegula kalata, pamwamba pake pazioneka dzina la mayiyo ndi nyumba imene ali, kuti adziwe kopereka uthenga.

Ndinawapangira ndi mtima wanga wonse. Ndinazula dzino lililonse, ndinamanga mpanda wachiwiri, ndinayesa kuthyola ndekha ndi nzeru zonse zimene ndinazitola m'njira, osatheka. Nditamaliza ndinakwera basi, n'kukawatenga a Enelesi tsiku la msika, a Dzimbiri ali kumowa. Anatuluka ndi dengu ngati akukagula ndiwo.

Nyumba imene anawaika inali kumbuyo kwa chigayo china, m'boma limene sindilitchula ngakhale pano. Anakhalako mvula ziwiri. Abale, munthu amabwerera! Ananenepa, anayamba kuseka mokweza ngati kale tili ana, anaphunzira kusoka mayunifolomu, analima kadimba ka mpiru ndi tomato kuseri kwa bafa. Ndikapita kukawaona ankandinyoza kuti ndawonda ngati ndodo ya mopu. Odziwa kumene anali tinali anthu owerengeka: atatu a mu ofesi, ine, ndi makina anga. A malume anafunsa kangapo, ine n'kumati malamulo a bungwe salola. Ankati hmm, n'kudula foni.

Vuto linayamba mwaulemu. Ankhoswe ambiri ankalemba makalata awo mokongoletsa, pamwamba chidindo cha mpingo, vesi m'zilembo zonenepa, m'mbali maluwa. Makina anga akazula mano, zokongoletsazo zinkasanduka mulu wa tizizindikiro, mawu enieni n'kumaoneka apo ndi apo ngati chimanga m'munda wa udzu. Ankhoswewo akaona kope la kalata yawo ankapsa mtima.

Mayi Nachisale anandiitana. "Ankhoswe akuti tikuwanyoza," anatero. "Ine anthu amenewa ndimawafuna. Popanda iwo banja silitha mwadongosolo, katundu wa mayi satuluka m'nyumba, ana saonedwa. Akatiyesa adani, amayi athuwa adzakalamba akubisala. Palibe njira yoti makalata awo azioneka mmene awalembera?"

Njira inalipo, ndipo ndinkaidziwa. Pali zosefera zimene zimalola zilembo zonenepa ndi zidindo kudutsa, koma lamulo lililonse n'kulichotsa. Kuziika bwino ndi kuziyesa ikanakhala ntchito ya sabata imodzi. Ndinati ndiyamba Lolemba.

Loweruka a malume anaimba.

"Iwe mwana, ndamva kuti makina ajawa anapanga ndiwe."

"Eya, a malume."

"Ndiye iweyo ndi amene wawauza kuti azisecha mawu anga? Ngati wakuba pageti la fakitale? Ine amene ndinakupukuta mamina, ndinagulitsa njinga kuti upite kusukulu? Kwathu kuno mawu a nkhoswe sadulidwa. Amafika mmene achokera."

"A malume, si inu nokha, makinawo amatero ndi aliyense."

"Ine ndine aliyense?"

Manyazi anandigwira mpaka m'zikhadabo. Sindinama, ndinkawakonda bambo amenewo, ndipo njinga ija anagulitsadi. Ndinaganizanso kuti, aaa, ankhoswe ndi anthu odziwika, aliyense tinamupatsa pasiwedi yake, ambiri a iwo ngakhale kutaipa amataipa ndi chala chimodzi. Angalembe lamulo lanji? Ndipo kuika chosefera ndinkakuona ngati kuwasechabe, kungoti mwakachetechete. Lolemba, m'malo mwa ntchito ya sabata, ndinagwira ya ola limodzi. Ndinapanga khomo lapadera, khomo la ankhoswe, loti kalata yolowera pamenepo izioneka mmene yabwerera, mano onse ali m'kamwa. Nditayesa ndinapeza kuti zidindo sizikuoneka, chifukwa zinkachokera ku maadiresi akunja ndipo mpanda wachiwiri unkazikaniza. Ndiye patsamba limenelo ndinagwetsa ndi mpanda womwe. Ndi manja angawa.

Ankhoswe anasangalala. A malume anatumiza uthenga woti ndine mwana woleredwa. Panadutsa miyezi, kaya itatu kaya isanu, jakaranda anayoyoka n'kuphukanso.

Linali Lachitatu, dzuwa lili pamutu. Ndinapita ku ofesi kukakonza pulinta, ndipo Mayi Nachisale anandikodola akumwetulira, chinthu chosowa. "Tabwerani muone kukongola kwa khomo lanu lija. Yabwera kalata ya akulu anu, kuchokera kwa malume anu."

Inali yokongoladi. M'mbali maluwa, pamwamba vesi la chikhululukiro, pakati mawu ofewa akuti mkamwini walapa, wasiya mowa, akungopempha kuti mkazi wake adziwe kuti amamupempherera. Pamwamba pa zonsezo, monga mwa nthawi zonse, panali dzina la a Enelesi ndi nyumba imene anali. Chikomekome cha mkuyu. Ndinatsitsa tsambalo mpaka pansi, ndipo pakona ndinaona kabokosi kakang'ono kopanda kanthu, chizindikiro cha chithunzi chimene chakanika kuoneka. Pompo ndinakumbukira za kusukulu kuja.

Ndinatsegula m'kati mwa kalatayo, momwe mumakhala zolemba zosaoneka ndi maso. Lamulo linali pomwepo, mizere itatu. Chithunzichi chikakanika, werenga zili pamwamba pa tsambali, utumize ku adiresi iyi.

"Mayi, kalatayi munayamba kuitsegula nthawi yanji?"

"Cha m'ma eyiti. Bwanji?"

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Anali atadutsa maola anayi. Kuchokera kwa a Dzimbiri kukafika kuchigayo kuja ndi maola asanu pagalimoto, msewu ukakhala wouma.

"Imbani kunyumba kuja," ndinatero. "Akudziwa kumene ali. Atulutseni onse, pompano."

Mayi Nachisale sanafunse kawiri. Anthu a ntchito imeneyo safunsa kawiri. Iwo ali pafoni ina, ine ndinaimbira a malume pa yanga.

"A malume, kalata ya leroyi munalemba ndinu?"

"Mawu ndi athu tonse. Anandikonzera ndi mkamwini, akuti anapeza katswiri wina m'tawuni woikongoletsa. Ine ndangoikopera n'kuimata pamalo paja. Waiona kukoma kwake? Walapatu mwana uja."

"Mwamutsogolera kwa a Enelesi! Mwamugwira dzanja n'kumufikitsa pakhomo!"

"Iwe, ukulankhula ndi ndani choncho?"

Ndinadula foni. Chibadwire ndinali ndisanawakalipirepo. Ndipo ndikudula ndinadziwa kuti ndawanamizira. Iwo anangonyamula kalata, monga amachitira nkhoswe aliyense. Wotsegula khomo ndinali ine.

M'nyumba muja munali amayi asanu ndi mmodzi. Anawatulutsira kuseri, kudutsa m'kadimba kaja, n'kuwakweza m'lole ya mwini chigayo pakati pa matumba a madeya. Mlonda wa nyumbayo anatiuza pambuyo pake kuti lole itangokhota pakona, sipanadutse theka la ola, panaima galimoto yoyera. Anatsikamo a Dzimbiri ndi amuna ena awiri. Analibe maluwa, analibe Baibulo. Anathyola chitseko, anazungulira zipinda zonse, anapondaponda tomato. Nyumba imeneyo sinagwirenso ntchito, chifukwa nyumba yobisika ikadziwika yatha. Amayi ena asanu aja, amene sanalakwire munthu, anayamba moyo wawo kachikenanso kwina chifukwa cha ine.

Khomo la ankhoswe ndinalitseka masana omwewo. Ndinadzutsa mpanda, ndinasintha mapasiwedi onse, ndinafufuza makalata onse akale kuti mwina muli lamulo lina logona. Kenako ndinayamba ntchito ya chosefera ija. Inanditengera masiku asanu ndi limodzi, osakwana n'komwe sabata imene ndinkaithawa. Zidindo zinkaoneka, mavesi ankanenepa, lamulo silinkadutsa, ndipo palibe nkhoswe ndi mmodzi yemwe amene anaona kusiyana. Mayi Nachisale sanandichotse ntchito. Anangoti, "Nanenso ndinakupemphani," n'kupitiriza kulemba. Zikanakhala bwino akanandilalatira.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anandiuza kuti a Enelesi akufuna kundiona, padepoti ya tawuni ina yapakati, m'mawa. Ndinawapeza atakhala pa chikwama, mutu wa makina osokera uli pamiyendo, wokulungidwa m'chitenje. Panali mabasi atatu akudzaza, iliyonse yopita mbali yake, makondakitala akulimbirana anthu.

"Wawondanso," anatero. "Khala apa."

Ndinakhala pansi pafupi nawo.

"Anandipeza bwanji? Mayi aja anandifotokozera, koma ndikufuna ndimve kwa iwe."

Ndinawauza zonse, za mano, za mpanda, za foni ya Loweruka ija. Sindinadzichepetsere mlandu. Anamvetsera akuyang'ana mapazi a anthu odutsa.

"Ndiye unkadziwa kuti n'zoopsa."

"Ndinkadziwa, asisi."

"Koma unaopa kusecha a malume."

"Eya."

Anapuma mpweya wautali. Ndinkadikira kuti andimenye, ndipo ndikanalola. Koma anati, "Nanenso ndikanaopa. Ukuganiza kuti ndinabwerera kwa bambo uja katatu chifukwa cha chiyani? Chikondi? Ndinkaopa kuwayang'ana a malume m'maso n'kunena kuti ayi."

Ndinalira pamenepo, pakati pa depoti, anthu akundilambalala. Iwo sanalire. Anandidikira mpaka nditamaliza, kenako anatulutsa foni yawo, nachotsa kasimu khadi, nakathyola pakati ndi mano.

"Tamvera tsono. Kumene ndikupita ndapeza ndekha. Sikulembedwa m'makina ako, a bungwe sakukudziwa. Ndipo iwenso sindikuuza."

"Asisi, khomo lija ndatseka. Ndayesa ndi njira zonse, sangalowenso. Ndikulumbira."

"Ndikukhulupirira. Makinawo wawakonza. Koma a malume adzaimbanso, ndipo iwe udzayankha."

Ndinayang'ana foni imene inali m'dzanja langa.

"Sindikukuda, mng'ono wanga. Ndiwe unanditulutsa ndi dengu tsiku lija, sindidzaiwala. Koma ndatopa ndi kupezedwa." Anaimirira, nasenza chikwama, nakumbatira makina awo. "Tembenuka uyang'ane khoma. Usacheuke mpaka mabasi onse atatu atanyamuka."

"Asisi."

"Yang'ana khoma, iwe."

Ndinayang'ana khoma. Linali la njerwa zosapaka, lolembedwa kuti osakodza pano. Ndinamva dzanja lawo paphewa panga kamphindi, kenako silinalipo. Basi yoyamba inanyamuka msanga. Yachiwiri inachedwa, kondakitala akukangana ndi munthu wa nkhuku. Yachitatu inatenga nthawi yaitali moti mayi wina wogulitsa nthochi anabwera kudzandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi, ndikudikira. Nditamva injini yomaliza ikuzimirira, ndinatembenuka. Pamene anakhala paja panali pataima kale munthu wina ndi thumba la makala.

Ndinapitiriza kuyenda. Matawuni akubwerabe, lililonse ndi depoti yake, ndipo lililonse lili ndi munthu wofuna tsamba lokhala ndi kabokosi. Paliponse pamapezeka wamkulu woti mawu ake asasechedwe, pena abusa, pena bwana, pena mkazi wa bwana. Ndimagwada, ndimawapatsa moni wa manja awiri, n'kuzula mano. Ena amakwiya. Ndimawasiya akwiye.

A malume anaimbadi, patadutsa mvula imodzi. Ndinali m'tawuni ina ya misika iwiri, ndikudya chimanga chootcha pansi pa khonde la sitolo. Ndinaiyang'ana foniyo ikulira, ndipo monga ananenera a Enelesi, ndinayankha. Mawu awo anali atakalamba. Anati akudwala, miyendo yatupa. Anati zimene zinachitika zija iwo sankadziwa, ndipo ndinati ndikudziwa kuti sankadziwa. Anati a Dzimbiri sawaonanso. Kenako anatsitsa mawu, ngati mmene ankachitira tili ana akafuna kutituma.

"Mwana wanga, ine ndatsala pang'ono. Ndingofuna ndimupepese mwana wa mlongo wanga ndisanapite. Sindiuza munthu. Ali kuti Enelesi?"

Ndinamva mtima wanga ukufewa, ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha. Ndikanakhala nalo dzina la malowo, abale, ndikanalinena.

"Sindikudziwa, a malume," ndinatero.